Malembo Asanu, Mavawelo Khumi ndi Anai: Kuunika Kalembedwe Katsopano ka Cienggano

1. Ciyambi

M'nkhani ino tifuna kuunika nchito yokonza kalembedwe ka Cienggano, cinenero ca anthu a pa cilumba ca Enggano m'dziko la Indonesia. Olankhula cineneroci akuti ndi pafupifupi 1,500 cabe, ndipo ana ambiri a pa cilumbapo akukula akulankhula Ciindonesia. Mfundo yathu yaikulu ndi yakuti kalembedwe ka cinenero cimene ciri pafupi kufa sikangaweruzidwe ndi miyeso imodzimodzi imene timaweruzira kalembedwe ka cinenero ca anthu mamiliyoni, cifukwa owerenga ake ndi osiyana. Tidzayamba ndi mbiri ya cilumbaci ndi cinenero cake, kenaka tidzaona mavuto atatu a kachulidwe ndi m'mene ofufuza awathetsera, ndipo pomaliza tidzafunsa za mwini wake weniweni wa kalembedwe kotere. Pamene zocitika m'kalembedwe ka Cinyanja zingatithandize kuweruza bwino, tidzazichula.

2. Cilumba ndi anthu ake

Cilumba ca Enggano ciri m'nyanja yamcere ya India, pa mtunda wa makilomita oposa 100 kucokera ku gombe la Sumatra, ndipo cimalamulidwa ndi cigawo ca Bengkulu. Ambiri amakhulupirira kuti dzina lake linacokera ku liu la Cipwitikizi lakuti engano, limene limatanthauza kulakwitsa kapena cinyengo. Ngati ndi tero, ndiye kuti ngakhale dzina la cilumbaco analemba koyamba ndi alendo.

Ciwerengero ca eni nthaka cinatsika koopsa m'zaka za m'ma 1800. Mu 1866 anawerengedwa anthu oposa 6,000, koma pofika 1884 anali osakwana 1,000, ndipo ca m'ma 1914 anali pafupifupi 300 okha. Kucokera nthawi imeneyo ciwerengero cakwera, koma mbali yaikulu ya kukwerako yadza ndi anthu obwera kucokera ku Java, Sumatra ndi Sulawesi. Lero pa cilumbapo pali midzi 6: Banjarsari, Meok, Apoho, Malakoni, Kaana ndi Kahyapu. Cienggano cikumvekabe kwambiri m'midzi yapakati, makamaka Meok, Apoho ndi Malakoni, pamene m'midzi ya kumathero, kumene kuli obwera ambiri, Ciindonesia ndico cimalankhulidwa pa msika, ku sukulu ndi m'nyumba zambiri. Aenggano ali ndi mafuko asanu otsata kucikazi, ndipo anawonjezapo fuko lacisanu ndi cimodzi, lochedwa Kaamay, kuti alandiriremo obwera. Mtima wocereza umenewu ndi wosiririka, koma watanthauzanso kuti m'mabanja ambiri osakanikirana cinenero cimene onse akumvana naco ndi ca boma.

3. Cienggano ca Kähler ndi Cienggano ca lero

Munthu amene analemba zambiri za cineneroci ndi katswiri wa ku Germany, Hans Kähler, amene anakhala pa cilumbapo miyezi ingapo mu 1937 ndi 1938. Anasindikiza cidule ca malamulo a cineneroci mu 1940, nthano ndi nkhani za miyambo m'zaka zotsatira, ndipo mtanthauziramau wake wa Cienggano ndi Cijeremani anatuluka mu 1987, iye atamwalira kale. Nchito yake ndi cuma cosayerekezeka. Komabe tiyenera kukumbukira kuti anailembera akatswiri anzake a ku Ulaya, m'Cijeremani, ndi zizindikiro zimene mwana wa sukulu wa ku Meok sangazitayipe kapena kuziwerenga.

Cineneroci cinazunguza akatswiri kwa nthawi yaitali. Ena, monga Arthur Capell mu 1982, anaganiza kuti siciri m'banja la zinenero za Austronesia, cifukwa mau ake ambiri safanana ndi a zinenero zoyandikana naco. Bernd Nothofer mu 1986 ndi Owen Edwards mu 2015 anasonyeza kuti ciri m'banjamo ndithu, koma kuti maliu ake anasintha modabwitsa: t wakale anasanduka k, m anasanduka b, ndipo n anasanduka d. Motero liu lakale lakuti mata, kutanthauza diso, limene likupezekabe m'Ciindonesia, Kähler analimva ngati ebaka.

Cofunika kwambiri kwa okonza kalembedwe ndi cakuti kusinthaku sikunaime. Pa zaka zosakwana 100 kucokera pamene Kähler anacoka, mavawelo otsiriza a mau ambiri agwa, ndipo kacidutswa e- kamene kanali kuyambirira kwa maina sikamvekanso kawirikawiri. Ebaka wasanduka bak, ndipo ekaka, munthu, wasanduka kak. Cinenero cimene maphatikizo ake onse anali kuthera m'vawelo, monga m'mene ziriri m'Cinyanja, tsopano ciri ndi mau ambiri othera m'konsonanti. Tiyerekeze kuti adzukulu athu ayamba kunena nyumb ndi mut m'malo mwa nyumba ndi mutu, ndipo buku lokhalo lofotokoza cinenero cao linalembedwa ndi mlendo amene anamva agogo ao. Funso loyamba la wokonza kalembedwe lingakhale lakuti alembe cinenero citi.

Gulu la ofufuza a ku yunivesite ya Oxford ndi anzao a ku Indonesia ndi Australia, limene muli Mary Dalrymple, I Wayan Arka ndi Charlotte Hemmings pamodzi ndi olankhula Cienggano, lakhala likugwira nchito pa cineneroci kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 2010, ndipo mu 2023 linafotokoza za mavuto a kalembedwe m'magazini ya Language Documentation and Description. Gululi limalemba cinenero ca lero monga m'mene cikumvekera. Pa mfundo imeneyi tikugwirizana nalo kwathunthu. Kukakamiza ana kulemba mavawelo amene ngakhale makolo ao sawachula kukanawauza kuti cinenero ca m'kamwa mwao ndi colakwika, ndipo mwana amene wauzidwa zimenezo sacedwa kuthawira ku cinenero cina cimene sadzudzulidwa naco. Cimene citayika ndi cakuti wophunzira wa lero sadzatha kuwerenga nthano za Kähler popanda womasulira. Mtengo umenewu ndi woyenera kulipira, malinga nthanozo zikalembedwanso m'kalembedwe katsopano ndi kubwezedwa kwa eni ake.

4. Miyeso yoweruzira

Mu 1959 William Smalley anapereka miyeso isanu imene ikugwirabe nchito poweruza kalembedwe katsopano. Kalembedwe kazikhala kamene eni cinenero akukafuna, kaziimira bwino maliu a cineneroco, kazikhala kosavuta kuphunzira, kazithandiza wophunzira kuwolokera ku cinenero cacikulu ca m'dzikomo, ndiponso kazikhala kosavuta kulemba ndi kusindikiza. Smalley mwini anadziwa kuti miyesoyi imalimbana. M'Cienggano kulimbanaku ndi kwakukulu, cifukwa munthu aliyense wodziwa kuwerenga pa cilumbapo anaphunzira kuwerenga m'Ciindonesia, ndipo maso ake anazolowera malembo 26 opanda zizindikiro pamwamba.

5. Vuto loyamba: mavawelo asanu ndi awiri

Brendon Yoder, m'kafukufuku wake wa mu 2011, anapeza kuti Cienggano ca lero ciri ndi mavawelo 7 a m'kamwa. Asanu ndi ofanana ndi athu, a, e, i, o, u. Awiri otsalawo amachulidwa lilime liri pakati pa kamwa ndipo milomo isanazungulizidwe: wina ndi wapakatikati, wina ndi wapamwamba, pakati pa i ndi u. M'zolemba za gulu lija, woyambayo amalembedwa ė ndipo waciwiriyo u̇, ndiko kuti e ndi u okhala ndi kadontho pamwamba.

Pali anthu amene anganene kuti zizindikirozi ndi zosafunikira. Ciindonesia ceniceni cimalemba mavawelo awiri osiyana ndi lembo limodzi e, ndipo anthu mamiliyoni amawerenga popanda vuto. Ifenso sitilemba kukwera ndi kutsika kwa liu: mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa katundu timazilemba mofanana, ngakhale khutu limazisiyanitsa. Koma tiyenera kufunsa cimene cimatitheketsa kutero. Timatha cifukwa tinayamwa cineneroci, ndipo tikaona liu pa pepala timalizindikira tisanamalize kuliwerenga. Malembo amangotikumbutsa cimene tikudziwa kale. Mwana wa ku Kahyapu amene akukumana ndi Cienggano koyamba m'kalasi alibe coti akumbutsidwe. Iye adzachula cimene waona, ndipo ngati mavawelo awiri alembedwa mofanana adzawachula mofanana. Pakapita mbadwo umodzi kusiyanako kudzakhala kutatha, ndipo kalembedwe kamene kanabwera kudzasunga cinenero kadzakhala katacidula ziwalo. Pa cifukwa cimeneci tikuvomereza kuti mavawelo onse 7 asiyanitsidwe polemba.

Kukayika kwathu kuli pa cizindikiro cimene cinasankhidwa. Kadontho ndi kocepa kwambiri. Pa bolodi la coko kapena pa pepala lofotokopedwa kangapo sikaoneka, ndipo polemba ndi dzanja u̇ amasokonezeka mosavuta ndi i. Palinso vuto la makina. Lembo ė likupezeka lokonzeka kale m'ndandanda wa Unicode, cifukwa limagwira nchito m'cinenero ca ku Lithuania, koma u̇ kulibe. Wolemba ayenera kutayipa u kenaka kuwonjezapo kadontho ngati cizindikiro capadera, cimene kiyibodi ya pa foni wamba iribe. Malamulo a kalembedwe ka Ciindonesia a mu 2022 amalola kale ê posonyeza vawelo wapakatikati uja, ndipo kutengera lembo limenelo kukanakwaniritsa muyeso wacinai wa Smalley. Pa vawelo wapamwamba, Cisunda ca ku Java cimalemba eu, koma njira imeneyi siingathandize kuno, cifukwa Cienggano ciri ndi mavawelo ambiri otsatizana, ndipo wowerenga sangadziwe ngati eu ndi liu limodzi kapena awiri. Lembo ü, limene limatuluka pa mafoni ambiri ukangokanikiza u kwa kanthawi, likanakhala losavuta kuposa u̇.

Sitikukamba izi mongoganizira. Lembo ŵ linaikidwa m'malamulo a kalembedwe ka Cicewa ku Malawi m'zaka za m'ma 1970 pa zifukwa zomveka za kachulidwe, koma matayipi ambiri analibe lemboli, ndipo lero manyuzipepala ndi mabuku ambiri amangolemba w.

6. Vuto laciwiri: mavawelo a m'mphuno

Vawelo aliyense mwa 7 aja ali ndi mnzake wochulidwa mpweya ukutulukira m'mphuno, kotero kuti onse pamodzi ndi 14, pamene alifabeti iri ndi malembo asanu okha owalembera. Ofufuza amaika kamzere kopindika pamwamba pa vawelo wa m'mphuno, monga ã ndi õ wa m'Cipwitikizi. Zotsatira zake n'zakuti ė ndi u̇ akakhala a m'mphuno ayenera kusenza zizindikiro ziwiri, kadontho ndi kamzere, cimodzi pamwamba pa cinzake. Apa ndi pamene kalembedwe kameneka kakulemera koposa, ndipo ê ndi ü amene tawachula pamwambapa sangalipewe vutoli.

Koma cinenero ceniceni cikupereka njira yopeputsira katunduyu. M'Cienggano, m'mphuno ndi khalidwe la liu lonse. M'mau eni eni a cineneroci, mavawelo amakhala onse a m'kamwa kapena onse a m'mphuno, ndipo makonsonanti nawo amatsatira: b ndi d sakhala pamodzi ndi mavawelo a m'mphuno, cifukwa pamenepo amamveka ngati m ndi n. Mwacitsanzo, kacidutswa bu- koyambirira kwa aneni kamasanduka mu- kakaphatikizidwa ku tsinde la m'mphuno. Zimenezi zikufanana pang'ono ndi m'mene vawelo wa tsinde amalamulira vawelo wa kacidutswa kotsatira m'Cinyanja, pamene timati phikira koma konzera.

Ngati ndi tero, kuika kamzere pa vawelo aliyense wa liu ndi kunena cinthu cimodzi katatu kapena kanai. Maganizo athu ndi akuti kamzere kaikidwe kamodzi pa liu, pa vawelo woyamba amene alibe kale cizindikiro cina, ndipo wophunzira auzidwe lamulo limodzi lakuti kamzereko kakulamulira liu lonse. Zizindikiro zosanjikizana zingatsale m'mau owerengeka okha amene mavawelo ake onse ndi awiri apakati aja. Tikudziwa kuti mau obwerekedwa ku Ciindonesia satsatira lamulo la m'mphuno, ndipo akuculukirabe. Koma mau amenewa alibenso mavawelo a m'mphuno osiyanitsa matanthauzo, kotero kuti akhoza kulembedwa opanda kamzere. Cimene ciyenera kupewedwa ndi kutaya kamzere konse cifukwa ca kutopa, pakuti mfundo imene tinapereka pa mavawelo apakati ikugwiranso nchito pano: wophunzira amene sanamve kusiyanaku kunyumba adzangokupeza pa pepala.

7. Vuto lacitatu: liu la pakhosi

Cienggano ciri ndi konsonanti amene amapangika pamene mpweya wadukizidwa pakhosi kwa kanthawi kocepa. M'cineneroci iye ndi liu lodziimira palokha, losiyana ndi k. Vuto likucokera ku Ciindonesia, m'mene k wotsiriza, monga m'mau akuti tidak ndi bapak, amachulidwa ngati kudukiza kwa pakhosi kumeneku. Nthawi ya Kähler vutoli silikanabuka, cifukwa panalibe mau othera m'konsonanti. Koma tsopano popeza mavawelo otsiriza anagwa, k weniweni amapezeka kumapeto kwa mau monga bak ndi kak. Wophunzira wozolowera Ciindonesia akaona bak angathe kumeza k uja, ndipo akamva liu lothera pakhosi angathe kulilemba ndi k. Apa muyeso wa kuwolokera ku cinenero cacikulu ukusanduka msampha.

Ofufuza amalemba liu la pakhosi ndi nkhodolero, ndipo k amasiyidwira k weniweni. Tikuona kuti imeneyi ndi njira yabwino kuposa zina zonse. Nkhodolero iri pa kiyibodi iriyonse, ndipo Aindonesia anaizolowera m'mau ena ocokera ku Ciarabu. Ifenso tikudziwa kuti nkhodolero ingathe kugwira nchito ya lembo, pakuti ndiyo imasiyanitsa ng' wa ng'ombe ndi ng wa ngozi. Koma tikudziwanso kuti ophunzira athu amaiiwala kawirikawiri, cifukwa amaiyesa cizindikiro ca m'kalembedwe cabe osati mbali ya liu. Aphunzitsi a Cienggano adzayenera kuipatsa dzina ndi malo ake m'alifabeti, ndi kuiphunzitsa tsiku lake monga lembo lina liri lonse.

8. Mwini kalembedwe ndani?

Mavuto atatu amene tafotokozawa akatswiri angathe kuwathetsa pa tebulo. Lacinai ndi lovuta kuposa onse. Cinenero cimene cikusintha mofulumira cotere sicichulidwa mofanana ndi onse: okalamba amasunga zidutswa zimene acinyamata anazitaya, ndipo midzi imasiyana. Kulemba liu m'buku la sukulu ndi kusankha kachulidwe ka wina ndi kusiya ka wina. M'dera la anthu ocepa amene onse amadziwana, cosankha cotere cimakhala ndi nkhope ndi dzina, ndipo amene wasiyidwa amadziwa amene wamuposa.

Ife a Cinyanja tikudziwa mtengo wa kusagwirizana. Malamulo a Unduna wa Maphunziro wa Zambia a mu 1977 ndi malamulo a ku Malawi anapatukana pa lembo c, kotero kuti liu lolembedwa kuchedwa limatanthauza kupatsidwa dzina ku Chipata, koma ukawoloka malire kupita ku Mchinji limatanthauza kusafika pa nthawi yake. Cinenero ca anthu mamiliyoni cimapirira zotere. Cinenero ca anthu 1,500 sicingakwanitse kukhala ndi kalembedwe ka ku sukulu, kena ka ku chalichi ndi kena ka ofufuza, cifukwa kalikonse kangakhale ndi owerenga osakwana kudzaza basi zowerengeka.

Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo ndi zoona kuti popanda ofufuza ocokera kunja mavawelo 14 aja sakanawerengedwa bwino. Koma akulu omwewo anatinso mlendo ndi mame. Ndalama za kafukufuku zimatha, ofufuza amabwerera kwao, ndipo otsala ndi aphunzitsi, atsogoleri a mafuko ndi makolo. Gulu la ku Oxford liyenera kuyamikiridwa cifukwa cogwira nchito ndi eni cinenero mpaka kulemba nawo pamodzi. Komabe kuvomereza kwa pa msonkhano ndi kosiyana ndi kugwiritsa nchito. Munthu angathe kuombera m'manja kadontho pamaso pa alendo, madzulo n'kutumiza uthenga pa foni wopanda kadontho ngakhale kamodzi. Umboni weniweni uli m'mauthenga amenewo, ndipo tikanakonda kuona ofufuza akuyesa owerenga: kupatsa ana ndi akulu ndime imodzi yolembedwa m'njira ziwiri kapena zitatu, ndi kuwerenga pamene akupunthwa.

9. Pomaliza

Taona kuti kalembedwe katsopano ka Cienggano kanalondola pa mfundo zikuluzikulu: kakulemba cinenero ca lero, kakusiyanitsa mavawelo onse, ndipo kakupatula k ndi liu la pakhosi. Kufooka kwake kuli pa muyeso wacisanu wa Smalley, cifukwa kadontho ndi zizindikiro zosanjikizana n'zovuta pa makina amene acinyamata amalembera. Tapereka maganizo awiri ocepetsera vutoli, kusankha malembo amene ali kale pa foni ndi kuika kamzere kamodzi pa liu. Tikuwonjezapo lacitatu, lakuti okonza avomereze poyera milingo iwiri ya kalembedwe kamodzi komweko: wathunthu wa m'mabuku a sukulu ndi m'mtanthauziramau, ndi wopepuka wa m'makalata ndi m'mauthenga a anthu odziwa kale cinenero. Mulingo waciwiriwu udzakhalapo ngakhale wina aukane, ndipo kuunyoza kungangoopseza anthu amene ayamba kulemba.

Tikumbukenso kuti kalembedwe kamazika mizu cifukwa ca zowerenga. Cimene cinazoloweretsa makolo athu malembo a Cinyanja ndi Buku Lopatulika la mu 1922, mabuku a nyimbo ndi mabuku a sukulu, zaka zambiri malamulo a boma asanalembedwe. Ku Indonesia sukulu ziri ndi mwai wophunzitsa zinenero za m'madera monga phunziro la kumaloko, ndipo mwai umenewu udzapindulitsa Cienggano pokhapokha pakhale nthano, nkhani za usodzi, mbiri za mafuko ndi makalata zolembedwa ndi Aenggano eni ake. Nchito yoyamba imene tingalangize ndi kutenga nthano zimene Kähler anamva mu 1937 ndi 1938, kuzikhazika pamaso pa okalamba a ku Meok ndi Apoho kuti azinene m'cinenero ca lero, ndi kuzisindikiza m'timabuku totsika mtengo toti mwana angathe kupita nato kunyumba.